Kucokera ku Msekera Kufika ku Mount Makulu: Kumene Mbeu Zathu Zimabadwira

Pa thumba la mbeu limene mlimi wa ku Katete kapena wa ku Petauke amagula mvula isanagwe pamakhala zilembo ndi manambala. Ambiri a ife timaziloweza pamtima monga maina a ng'ombe, koma sitifunsa kumene zinacokera. Zilembo zina ndi za makampani a mbeu, koma zina ndi maina a malo a m'dziko lathu lomwe lino. MM pa cimanga akunena Mount Makulu, kufupi ndi Chilanga. GV akunena Golden Valley, ku Chisamba. MGV pa nshawa akunena Msekera, kufupi ndi Chipata. Kumalo amenewa kuli minda, nyumba zoyeseramo zinthu, ndiponso anthu amene anaphunzira ku yunivesiti za cibadwa ca zomera, ndipo nchito yao ya tsiku ndi tsiku ndiyo kubereketsa mitundu yatsopano ya mbeu. Munthu wocokera kum'mawa angathe kuona ambiri a malowa pa ulendo umodzi wa ku Lusaka, wa makilomita pafupi-fupi 570, ndipo ulendo umenewo ndiwo tiyende nanu owerenga athu.

Tiyambire pakhomo, ku Msekera, kumadzulo kwa tauni ya Chipata. Mlendo wofika kumeneko mwezi wa Januwale kapena wa Febuluwale amayamba wadabwa ndi kucepa kwa minda. Kumudzi tinazolowera munda umodzi wa mbeu imodzi, koma kuno dera limodzi amaligawa timinda tambirimbiri, kamunda kalikonse mizere yowerengeka cabe, ndipo pamutu pake pali cikhomo cokhala ndi nambala. Wina angayese kuti ndi ana akusewera zaulimi. Koma akayenda pang'onopang'ono pakati pa timindato amaona kuti nshawa za pa cikhomo ici zayanga pansi, za pa cikhomo ico zaima ciriri. Izi masamba ali biriwiri, izo agwidwa ndi mawanga. Izi zayamba kale maluwa, izo zikali kukula. Nthaka ndi imodzi, mvula ndi imodzi, olima ndi amodzimodzi. Cimene casiyanitsa ndi ca m'kati mwa mbeu, cimene mbeu inatengera kwa makolo ake, ndipo cimeneco ndico cibadwa.

Kukwatitsa mitundu iwiri ya nshawa ndi nchito yofuna maso akuthwa ndi msana wolimba. Duwa la nshawa lili ndi ziwalo zacimuna ndi zacikazi pamodzi, ndipo limadzipatsa lokha mungu. Ndico cifukwa cake nshawa za Chalimbana zimabala Chalimbana caka ndi caka. Katswiri akafuna kuti mtundu wa njere zazikulu utengeko mphamvu za mtundu wina wopirira matenda, amagwada pa cimera ca nshawa dzuwa litapendeka, natsegula duwa limene likanamasula mawa lake, nacotsamo ndi kampaniro timitu tonse ta mungu, namangapo kaulusi kuti alizindikire. M'mamawa, mame asanaume, amabwera ndi mungu wa mtundu winawo naupaka pomwepo. Maluwa ena amafota osagwira. Limene lagwira limatulutsa kamcira kolowa m'nthaka, ndipo kunsonga kwake kudzakhala cikoko ca njere imodzi kapena ziwiri. Njere zimenezo si mbeu yatsopano ai, ndi ciyambi cabe. Ana ake ndi adzukulu ake adzabyalidwa, kusankhidwa, ambiri nkutayidwa, kwa nyengo 6 kapena kupitirira, kufikira atatsala ocepa amene sasinthanso maonekedwe.

Alimi a nshawa amawadziwa matenda a kadukutu, amene amapinimbiritsa cimera, masamba nkukhwinyata, pansi osapezapo kanthu. Amafalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba, ndipo amakonda munda wobyalidwa mocedwa ndi wa mapando otalikirana. MGV4, nshawa yofiira ija ya mafuta ambiri imene anzathu a ku Malawi amaicha CG7, inacokera kwa akatswiri a bungwe la ICRISAT a ku Chitedze, kufupi ndi Lilongwe, ndipo inakondedwa cifukwa ca zokolola zake. Koma kadukutu amaigwira. Mphamvu yopirira kadukutu sinapangidwe m'botolo. Inapezeka m'zaka za m'ma 1950 m'nshawa zamakolo zimene alimi wamba anali kusunga kumalire a maiko amene lero ndi Burkina Faso ndi Côte d'Ivoire, kumadzulo kwa Africa. Kucokera kumeneko inayenda mwa kukwatitsa mitundu, mbadwo ndi mbadwo, kufikira inalowa m'nshawa imene kuno inapatsidwa dzina lakuti Chishango, ku Malawi Nsinjiro. Amai ena a kumadzulo kwa Africa, amene sitidzawadziwa maina, anadziletsa kukazinga nshawa zao zonse nasungako mbeu, ndipo mbeu imeneyo ndiyo inadzachinjiriza minda ya ku Chipata.

Kucoka ku Chipata basi imadutsa Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba kwa nthoci, ndipo munthu wokhala pazenera amaona cimanga, thonje, mpendadzuwa ndi soya kusinthana kufikira maso atatopa. Ikapitirira Kacholola imayamba kutsika mapiri, mphepo nkutentha, mitengo nkusintha, kufikira pa mlatho wa Luangwa umene unamangidwa m'caka ca 1968, pamene amalonda amayala nsomba zouma ndi madengu m'mbali mwa mseu. Pa maola ocepa okha mwacoka m'dziko lina la mvula mwalowa m'lina. Akatswiri a zaulimi amagawa Zambia patatu. Zigwa zotentha monga za Luangwa ndi Zambezi zimalandira mvula yosafika mamilimita 800 pacaka. Mtunda wa pakati, kumene kuli mbali yaikulu ya Cigawo ca Kum'mawa, umalandira 800 kufika 1,000. Kumpoto kumagwa yopitirira 1,000 ndipo nthaka yake ndi ya asidi wambiri. Cimanga cimene cimafuna miyezi isanu kuti cikhwime cingacite bwino ku Mkushi, koma kucigwa mvula idzacithawa cikali ndi ngaiyaye.

M'caka ca 2024 malire amenewa anasokonezeka. Mvula inadula pakati pa nyengo, cimanga cili pafupi kubereka, ndipo minda ya m'mbali mwa mseu uno inapsa ngati wadutsamo moto. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cimeneci ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene anabyalidwa, pafupi-fupi 1 miliyoni anaonongeka. Dziko limene caka cam'mbuyo linakolola matani oposa 3 miliyoni linakolola matani 1.5 miliyoni okha. Palibe mbeu padziko lapansi imene ingabereke popanda madzi. Koma pali mbeu imene ingadikire mvula masiku ena ocepa mnzake atafa kale, ndipo pa masiku ocepawo ndi pamene pamasiyana nkhokwe yokhala ndi kanthu ndi nkhokwe yogonamo nkhuku.

Mukakwera mapiri a Manenekela, nkudutsa Rufunsa ndi Chongwe, Lusaka asanaoneke, pali malo amene apaulendo ambiri amangowapitirira ali m'tulo. Ku Chalimbana, pang'ono cabe kucoka pamseu, kuli nkhokwe ya mbeu ya maiko onse a SADC, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1989 ndi thandizo la maiko a kumpoto kwa Ulaya. Si nkhokwe ya nsungwi ndi udzu. Mbeu zocokera m'midzi ya Zambia, Malawi, Tanzania, Botswana, Lesotho ndi maiko ena zimayeretsedwa, kuumitsidwa koposa mmene dzuwa lingaumitsire, kumatidwa m'timatumba tosalowa mpweya, ndi kuikidwa m'mafiriji ozizira madigiri 18 kapena 20 pansi pa ziro. M'cisanu cotero mbeu imagona zaka makumi osafa. Pakapita nthawi amatengako pang'ono kuyesa ngati ikali kumera, ndipo ikayamba kufooka amaibyala kuti apeze yatsopano. Mbali ina ya mbeuzi inatumizidwa kukasungidwa ku Svalbard, cisumbu ca dziko la Norway, m'phanga la m'phiri lozizira limene linatsegulidwa m'caka ca 2008, kuti ngati kuno kutagwa moto kapena nkhondo mbeu zisathere pomwepo.

M'mafiriji amenewo muli mapira, mawere, mcewere, nzama, nyemba zimene ena amati khobwe, maungu, ndi cimanga camakolo ca mitundumitundu, zakudya zimene acinyamata ena a m'tauni amazicha za anthu osauka. Katswiri wa mbeu saziona conco. Iye sangathe kulenga kupirira cilala kapena kukana anankafumbwe kucokera pacabe. Ayenera kukupeza m'cimera cimene cili nako kale, ndipo kawirikawiri cimera cimeneco ndi cija agogo anasunga patsindwi la khichini, pautsi. Mtundu wa mapira ukatha m'mudzi cifukwa onse athamangira cimanga ca m'sitolo, zimene unali nazo m'kati zatha nao, ndipo palibe digiri imene ingazibweze. Ndiye inu amene mukali ndi mbeu zamakolo, byalani kamunda kake pambali caka ciliconse, ngakhale mizere iwiri.

Tsono basi imalowa mu Lusaka, nkupitirira koleji ya NRDC kumene alangizi ambiri a zaulimi anaphunzira, ndipo posakhalitsa kumaoneka nyumba zotuwa za konkire za Yunivesiti ya Zambia, kutsogolo kwake kuli maiwe amene anapatsidwa dzina la Pulofesa Lameck Goma, mwana wa ku Lundazi, Mzambia woyamba kutsogolera yunivesitiyi. Yunivesiti inatsegulidwa m'caka ca 1966, dziko lili ndi zaka ziwiri zokha za ufulu ndiponso anthu a digiri ongopitirira 100. Acikulire akali kukumbukira kuti pomanga sukuluyi anthu wamba anasonkha, ena ndalama, ena nkhuku, mbuzi ndi zokolola. Cotero mlimi wa kumudzi akalowa pacipata cimeneci asamayende monyang'ama ngati walowa pakhomo pa eni. Nkhuku ya atate ake ili m'makoma amenewo. Sukulu ya zaulimi inayamba m'caka ca 1971, ndipo kumeneko ndiko kumaphunzitsidwa za cibadwa ca zomera ndi kabereketsedwe ka mbeu, kuyambira pa digiri yoyamba kufikira pa madigiri apamwamba.

Wophunzira sayamba ndi khasu kapena ndi cimanga. Amayamba ndi masamu, kemisitiri, fizikisi ndi bayoloje, ndipo ambiri amene anabwera akuganiza kuti ulimi ndi maphunziro opepuka amazindikira msanga kuti anadzinamiza. Pambuyo pake amakumana ndi dzina la Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, m'dziko limene lero ndi Czech Republic. Kuyambira 1856 kufika 1863 munthu ameneyu anabyala nsawawa, tinyemba tobiriwira tija ta kudimba, zikwi zambiri m'munda wa nyumba ya ansembe, nazikwatitsa, nawerenga ana ake mmodzimmodzi. Atakwatitsa zazitali ndi zazifupi, ana onse anatuluka atali. Koma anawo atadzipatsa okha mungu, ufupi uja unabweranso mwa adzukulu: atatu atali, mmodzi wamfupi, mobwerezabwereza. Anazindikira kuti makhalidwe a makolo sasungunuka monga mcere m'ndiwo, koma amayenda athunthu, amatha kubisala mbadwo umodzi nkudzaonekera mbadwo wina. Aliyense amene anaonapo mwana wofanana ndi agogo ake koposa atate ake akudziwa kale zimenezi. Cimene Mendel anaonjezapo ndico kuwerenga. Analemba zimene anapeza m'caka ca 1866, koma dziko silinamchere khutu kufikira 1900, iye atamwalira kale.

Tinthu tonyamula makhalidweto lero timachedwa majini. Owerenga asasokoneze ndi majini a ziwanda amene amachulidwa kwa asing'anga. Mauwa angofanana kamvekedwe. Majini a cibadwa ali ndondondo pa timaulusi tochedwa makoromosomu, m'kati mwa kacigawo kalikonse ka thupi la comera, la nyama ndi la munthu. Cimanga cili ndi timaulusi 20, 10 tocokera ku mungu wa ngaiyaye ndi 10 tocokera kwa mai wake, cisononkho ca ndevu cija. Nshawa zili ndi 40, munthu 46. Timaulusito ndi topangidwa ndi DNA, imene kaumbidwe kake kanadziwika m'caka ca 1953. Ndevu iliyonse ya cimanga ndi njira ya njere imodzi, ndipo njere iliyonse ingakhale ndi tate wakewake, pakuti mungu umauluka ndi mphepo kucokera m'minda ya anansi. Ndico cifukwa cake pa cisononkho coyera mumapeza njere zofiirira kapena zacikasu.

Apa ndi pamene pali yankho la funso limene alimi amafunsa alangizi caka ciliconse: cifukwa ninji mbeu ya haibulidi sitingaibyalenso? Ena amaganiza kuti makampani amathiramo mankhwala kuti tizigula caka ndi caka. Nkhani yake ndi ya Mendel yomwe ija. Pofuna kupanga haibulidi, katswiri amaveka ngaiyaye ndi cisononkho timatumba ta pepala kuti cimanga cidzipatse cokha mungu, nacita conco mibadwo 6 kapena 7. Cimangaco cimafupika, cimaonda, zisononkho nkukhala ngati zala, kotero kuti mlimi ataciona angaseke. Koma tsopano ndi mtundu woyera, wosasakanizika. Akakwatitsa mitundu iwiri yoyera yosiyana, ana ake amatuluka amphamvu koposa makolo onse awiri, ofanana msinkhu ngati asilikali pa perete. M'minda yocurukitsira mbeu amabyala mizere ya amai ndi mizere ya atate, ndipo anchito amazula ndi manja ngaiyaye zonse za mizere ya amai zisanatulutse mungu. Mbeu ya m'thumba lanu ndi ana oyamba amenewo. Mukabyala zokolola zake mwabyala adzukulu, ndipo mwa adzukulu makhalidwe obisika a makolo oonda aja amabweranso: cina cacitali, cina cacifupi, cina cosabereka. Mbeu zimene si haibulidi, zimene mungu wake umasakanizika momasuka, mungathe kuzibwereza nyengo ziwiri kapena zitatu, mukasankha zisononkho zabwino za pakati pa munda.

Mbali yatsopano ya maphunzirowa, imene amaicha bayotekinoloje, imacitikira m'labotale, ndipo zambiri za mmenemo si zoopsa monga mmene mphekesera zimanenera. Kale katswiri wofuna kudziwa ngati kambeu kali ndi mphamvu yokana matenda anayenera kukabyala, kudikira miyezi, ndi kuyembekeza kuti matendawo abwere caka cimeneco. Lero amadula kacidutswa ka tsamba kocepa ngati cikhadabo, natulutsamo DNA, ndipo makina amaonetsa ngati jini yofunikayo ilimo kambeu kakali ndi masamba atatu. Mwa timbeu 1,000 angathe kusunga tocepa toyenera ndi kutaya totsala asanaononge fataleza. Njira ina ndiyo kumeretsa kansonga ka cinangwa, ka mbatata kapena ka nthoci m'botolo loyera lokhala ndi cakudya cake, kuti papezeke mbeu yambiri yopanda matenda a vairasi amene amayenda ndi zodula. Pali njira inanso: akatswiri a Yunivesiti ya Zambia, motsogozedwa ndi Dokotala Kalaluka Munyinda ndiponso mothandizana ndi bungwe la IAEA la ku Vienna, anawalitsa njere za nyemba ndi ceza camphamvu kuti cibadwa cake cisinthike, nabyala mibadwo yambiri, nasankhamo zokhwima msanga ndi zopirira cilala. M'caka ca 2018 munatuluka mitundu iwiri ya maina akwathu, Lunkhwakwa ndi Lukusuzi. Cezaco sicitsalira m'nyemba, monga mmene dzuwa silitsalira m'ufa umene munayanika.

Nkhani imene imautsa mkangano ndi ya mbeu zochedwa GMO, zimene amaziikamo jini yocokera ku camoyo cina. Citsanzo codziwika ndi cimanga ca Bt, cokhala ndi jini ya kacirombo ka m'nthaka imene imapha mbozi zoboola mapesi. Ku South Africa akhala akucilima kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kuno kwathu ambiri akukumbukira caka ca 2002, pamene dziko linali m'njala ndipo Pulezidenti Levy Mwanawasa anakana cimanga ca GMO cimene cinabwera ngati thandizo, atatumiza akatswiri a dziko lino kukafufuza kunja. M'caka ca 2007 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loyang'anira zimenezi, ndipo pansi pa lamulolo panabadwa bungwe la National Biosafety Authority, limene limapereka kapena kukana cilolezo. Ena amati tinacita bwino kusamala. Ena amati mbozi za nchembere zandonda zimene zinalowa m'minda yathu kumapeto kwa 2016 zikutikakamiza kuganizanso. Maganizo anga ndi akuti, kaya tivomere kaya tikane, tiyenera kukhala ndi ana athuathu odziwa kutenga njere, kuipera, ndi kutiuza cimene cili m'kati mwake. Dziko lopanda anthu otero limavomera cifukwa lauzidwa ndi wogulitsa, kapena limakana cifukwa laopsezedwa ndi wodutsa.

Mwana wokulira kumudzi amafika m'kalasi imeneyi ali ndi cuma cimene mnzake wa m'tauni alibe. Amadziwa kuti cimanga camakolo ca njere zolimba cimakonoleka bwino mumtondo osaphwanyika, ndi kuti anankafumbwe amacedwa kucilowa m'nkhokwe. Kwa zaka zambiri akatswiri anali kuyeza matumba pa hekitala okha, nadabwa kuti alimi ang'onoang'ono a ku Malawi akukana haibulidi wa njere zofewa. Amai ndiwo anali kudziwa cifukwa cake: pokonola, ufa wambiri unali kupita ndi gaga. Akatswiri a ku Chitedze atamva zimenezi anatulutsa m'caka ca 1990 mitundu ya MH17 ndi MH18, ya njere zolimbirapo, ndipo alimi anailandira. Cimodzimodzi cimanga ca mtundu wa lalanje cokhala ndi vitamini A, cimene Zambia inatulutsa m'caka ca 2012 ndi maina monga GV664A. Cimangaci si ca GMO, cinapangidwa mwa kukwatitsa mitundu basi, ndipo ana a m'midzi ya ku Nyimba atadyetsedwa anapezeka kuti vitaminiyo yaonjezeka m'matupi mwao. Komabe panafunika kufotokozera anthu kuti si cimanga cacikasu ca njala ya 1992, cimene ambiri akali kucikumbukira ndi nkhope yokwinya. Katswiri amene anadyapo nsima ya njala imeneyo safunika kuuzidwa zotere.

Malo otsiriza pa ulendo wathu ali kumwera kwa Lusaka, pa mseu wa ku Kafue. Mukafika pa Chilanga, pamene pali fakitale yakale ya simenti, mumakhota kulowa ku Mount Makulu, likulu la bungwe la Boma lofufuza zaulimi la ZARI. Mbiri ya malo ano imaonetsa cimene cimacitikira dziko lodalira mbeu ya eni. M'caka ca 1960 akatswiri a ku Salisbury, amene lero ndi Harare, anatulutsa cimanga ca SR52, haibulidi woyamba padziko lonse wa makolo awiri oyera kugulitsidwa kwa alimi. Cinali cobereka zedi, koma cofuna nyengo yaitali, coyenera mafamu akuluakulu a m'mbali mwa njanji. Ian Smith atalanda ulamuliro m'caka ca 1965, ndipo malire atatsekedwa m'caka ca 1973, Zambia inayenera kudzicurukitsira yokha mbeuyi. Makolo a SR52 amene anali kuno anasakanizika pang'onopang'ono ndi mungu wacilendo, ndipo zokolola zinatsika alimi osadziwa cifukwa cake. Katswiri wa ku Yugoslavia, Dusan Ristanovic, pamodzi ndi anzake a ku Zambia, anayeretsanso makolowo cimera ndi cimera, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 mbeuyo inatulukanso ndi dzina lakuti MM752. Pambuyo pake panabwera MM603 ndi MM604, zokhwima msangapo, zimene zinafika m'minda ya alimi ang'onoang'ono kudzera mwa kampani ya Zamseed imene inayamba m'caka ca 1981. Mwa Azambia amene anakulira m'nchito imeneyi muli Mai Catherine Mungoma, amene atsikana okonda sayansi ayenera kumva dzina lao.

Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo nchito iyi ndi ya anthu odekha. Kucokera tsiku lokwatitsa maluwa kufikira tsiku limene mbeu ilowa m'sitolo pamapita kawirikawiri zaka 8 kapena 10, ngakhale akatswiri amafupikitsako pobyala kawiri pacaka, kaciwiri m'cilimwe pa minda yothirira monga ya ku Nanga, kufupi ndi Mazabuka. Mnyamata kapena mtsikana amene akumaliza sekondale caka cino, akakhoza bwino masamu, sayansi ndi Cingelezi, nalowa yunivesiti, nakhala zaka zake za digiri yoyamba ndi zina za digiri yaciwiri, mbeu yake yoyamba idzafika kwa amai ake iye ali ndi ana akeake. Amene afuna kuchuka msanga asankhe nchito ina.

Mbeu yatsopano isanaloledwe imadutsa pa khomo linanso pomwepo pa Chilanga, ku bungwe la SCCI loyesa ndi kuvomereza mbeu. Kumeneko amaibyala m'madera osiyanasiyana kuti aone ngati ndi yosiyanadi ndi mitundu imene ilipo kale, ngati zimera zake zikufanana, ngati sisintha ikabyalidwanso, ndiponso ngati ili ndi phindu kwa mlimi. Oyendera minda amapita kwa alimi ocurukitsa mbeu kukaona ngati ngaiyaye zinazulidwa pa nthawi yake ndi ngati munda uli patali mokwanira ndi cimanga cina. M'labotale amatenga njere 400 za cimanga, nazigawa magulu anai a 100, naziika pa pepala lonyowa kapena mumcenga m'cipinda cofunda, ndipo pa tsiku la 7 amawerenga zimene zamera bwino. Kacikalata kamene kamasokeredwa pa thumba la mbeu yovomerezeka kamacokera pa kuwerenga kumeneko. Muyeso womwewo mungaucite pakhonde panu milungu iwiri mvula isanagwe: werengani njere 100 za mbeu imene mwagula kapena imene munasunga, zikulungeni m'saka yonyowa, muike pamthunzi, muziwaza madzi tsiku ndi tsiku, ndipo pakatha mlungu umodzi mufunyulule ndi kuwerenga.